Mmene mungamuyankhulire m'bale wanu kusukulu, kuchisamaliro ndi kumaofesi a thandizo la boma

Anthu ambiri amene thandizo likuwayenera sakulilandira, ndipo nthawi zambiri lamulo silinawakanize olo pang'ono, chinachitika nchoti anafika pa ofesi ali okha, atatopa kale ndi za kunyumba, wina nkuwauza kuti "izi sizingatheke" iwo nkuthokoza nkubwerera. Mayi wa mwana wosamva amene sukulu ikuti ilibe malo ake, bambo amene anagwidwa sitiroko nde mawu sakutuluka bwinobwino koma akufunika kudzaza fomu ya masamba ambirimbiri, mtsikana amene wasiya ntchito kuti azisamala agogo ake oiwalaiwala. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni padziko lonse ali ndi ulumali waukulu, ndiye kuti 16 pa anthu 100 aliwonse, ndipo UNICEF mu 2021 inati ana aulumali alipo pafupifupi 240 miliyoni. Kuseli kwa aliyense wa amenewa kuli banja limene likuyenda mmaofesi. Nde zimene ndalemba apazi nza inu amene mukuyendera zanu, komanso inu amene mwapemphedwa kuti "tandiperekezeni, ine ndikakhala ndekha ndimasowa chonena."

Tiyambe ndi munthu woperekezayo. Ntchito yake si ya loya, ngakhale nkhani ikakula loya amadzafunika. Si mkhalapakatinso, chifukwa mkhalapakati sakhala mbali ya aliyense pomwe uyu ali ndi mbali, mbali yake ndi ya mwini nkhaniyo basi. Akhoza kukhala m'bale, mnzanu, kholo lina limene linadutsa kale njira yomweyo (awa ndimawakonda kwambiri chifukwa amadziwa khomo loyenera kugogoda), kapena munthu wophunzitsidwa wochokera kubungwe loima palokha. Mmaiko ena lamulo limachita kulamula kuti munthu wotere aperekedwe, mwachitsanzo ku England lamulo la Care Act la 2014 limati ngati munthu akuvutika kwambiri kumvetsa kapena kutenga nawo mbali pa zokambirana za chisamaliro chake ndipo alibe wachibale kapena mnzake woyenera kumuthandiza, khonsolo imupezere womuyankhulira woima payekha. Kwanuko mwina lamulo lotere lilipo mwina palibe, koma funsani. Malo oyambira ndi mabungwe a anthu aulumali eni ake, magulu a makolo, ma paralegal (anthu ophunzitsidwa za malamulo koma si maloya), maofesi othandiza anthu pa za malamulo mwaulere, ndi mabungwe oona za ufulu wachibadwidwe. Funso limodzi lofunika kumufunsa munthu amene wabwera kuti akuthandizeni: amakulipirani ndani? Ngati akulipidwa ndi ofesi yomweyo imene mukukangana nayo, sikuti ndi woipa ayi, koma muzidziwa.

Musanapite kulikonse, khalani pansi ndi mwini wake

Apa ndi pamene achibale achikondi timalakwitsa kwambiri, nde ndichedwapo. Munthu ukamukonda umaona ngati ukudziwa chimene chili chabwino kwa iye, nkuyamba kumuyankhulira zimene iwe ukufuna. Mwana wamkulu akufuna mayi ake asamukire kunyumba yosamalirako okalamba chifukwa akuopa kuti adzagwa ali okha, pomwe mayiwo chimene akufuna ndi munthu wobwera mmawa kudzawathandiza kusamba basi, iwo nkukhalabe pakhomo pawo. Zonse ziwiri nzomveka, koma womuyankhulira munthu amanyamula mawu a mayiwo. Maganizo anu mukhoza kuwauza pamaso, mukhozanso kuwafotokozera kuopsa kwake mosabisa, koma mukalowa mu ofesi muja mukanene zimene mwagwirizana.

Izi si ulemu chabe, zili mmapangano a maiko. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene linavomerezedwa pa 13 December 2006 nkuyamba kugwira ntchito mu May 2008, mu gawo 12 limati munthu waulumali ali ndi ufulu wopanga ziganizo zake pamaso pa lamulo ngati wina aliyense, ndipo ngati akufunika thandizo kuti apange chiganizocho apatsidwe thandizolo. Kwa ana, pangano la ufulu wa ana la 1989, nalonso mu gawo 12, limati mwana amene angathe kukhala ndi maganizo ake amvedwe pa nkhani zomukhudza molingana ndi msinkhu wake. Nde mwana wa zaka 9 mufunseni kuti kusukulu chimamuvuta nchani. Mukhoza kudabwa, inu mumaganiza kuti vuto ndi masamu pomwe iye akuti phokoso la mkalasi limamupweteka mmutu kapena chimbudzi sangalowemo ndi njinga yake nde amadzigwira tsiku lonse. Ngati sayankhula, pali zithunzi, pali chinenero chamanja, pali kuonetsetsa nthawi imene amasangalala ndi imene amalira.

Mukamvana, lembani pa pepala zinthu zosapitirira zitatu zimene mukufuna, zogwirika. "Tikufuna mwana athandizidwe" ofesi iliyonse ivomera ndipo palibe chichitike. "Tikufuna azikhala kutsogolo, mayeso ake alembedwe zilembo zikuluzikulu, ndipo apatsidwe nthawi yoonjezera polemba" apa pali choyankha, eya kapena ayi. Ngati mukuyankhulira munthu wamkulu, alembe kakalata kachidule kokupatsani chilolezo, asaine kapena adinde chala, pakhale deti, chifukwa maofesi ambiri sangakuuzeni za munthu wina popanda chimenechi ndipo akulondola kutero.

Fayilo

Gulani fayilo imodzi ndi kope limodzi. Mufayilo muzilowa chilichonse, malipoti a dokotala, makalata a kusukulu, mapepala a mankhwala, ma fomu amene munadzaza, zonse motsatana ndi madeti. Mapepala enieni musamawasiye ku ofesi, perekani fotokope, ndipo chilichonse muchijambule pafoni nkudzitumizira pa imelo kapena kwa m'bale wodalirika kuti foni ikatayika zisapite nayo. Mukapereka pepala pemphani kuti akudindireni pa kope lanu kusonyeza kuti alandira, ndi deti lake. Akakana kudinda lembani mukope muja kuti tsiku lakuti nthawi yakuti ndinapereka chakuti kwa wakuti.

Kope lija ndi la zokambirana zonse. Mwaimba foni, lembani tsiku, amene munayankhula naye, udindo wake, ndi chimene analonjeza. Ndiye chinthu chimodzi chimene chimasintha nkhani zambiri ndi ichi: mukangomaliza kuyankhulana pakamwa tumizani meseji kapena imelo yachidule, "Zikomo bwana chifukwa cha nthawi yanu lero, ine ndamva kuti mwati mwana adzayezedwa pofika pa 15 mwezi uno ndipo mudzatiuza zotsatira mwa kalata, ngati ndamva molakwika chonde ndikonzeni." Basi. Palibe mwano pamenepa, koma lonjezo la pakamwa lasanduka cholembedwa, ndipo olo bwanayo atasamutsidwa wobwerayo apeza poyambira. Antchito a mmaofesi amasinthasintha kwambiri, chimene chimakhala ndi pepala.

Kudzaza fomu, makamaka ya ndalama za thandizo ndi chisamaliro

Tiyerekeze fomu ikufunsa kuti "kodi mumatha kusamba nokha?" Agogo aja ayankha msangamsanga, "eee ndimatha mwanawe, lemba kuti ndimatha." Inu amene mumakhala nawo mukudziwa kuti kutha kumeneko nkotani, amakhala pa mpando, wina amawagwira podzuka, kumsana ndi kumapazi safikako, zimatenga pafupifupi ola lathunthu ndipo akamaliza amagona mpaka masana chifukwa cha kutopa, komanso mwezi wathawu anaterereka nkuvulala pachigongono. Mukalemba "eya" yekha wowerenga fomuyo amene sanawaonepo agogowa aona munthu wabwinobwino. Anthu timachita manyazi kunena zofooka zathu, makamaka za kuchimbudzi, za kusamba, za kuiwala, za maganizo ofuna kudzivulaza, ndipo ndimamvetsa, koma fomu si malo olimbirapo mtima. Auzeni modekha kuti "agogo, apa tilembe zoona zake zonse, amene akuwerengayo sakukudziwani."

Pa funso lililonse yankhani zinthu izi: amatha popanda ngozi? amatha kangati, tsiku lililonse kapena mwa apo ndi apo? zimatenga nthawi yaitali bwanji? akamaliza amakhala bwanji? ndani amathandiza ndipo amachita chani kwenikweni? Matenda ambiri amasinthasintha, khunyu, nyamakazi, matenda a maganizo, nde fotokozani masiku oipa ndi abwino omwe ndipo munene kuti pa sabata oipawo amakhala angati. Chothandiza ndi kulemba kope la tsiku ndi tsiku kwa sabata ziwiri musanadzaze fomu, usiku anadzuka kangati, anagwa liti, anakana kudya liti. Malo akachepa pa fomu onjezerani pepala lina, mulembe dzina ndi nambala ya fomuyo pamwamba. Koma osakokomeza, chonde. Bodza limodzi likagwidwa zoona zonse zimene munalemba zimakayikiridwa, ndipo mmaiko ambiri ndi mlandu.

Kalata ya dokotala nayo, ambiri amangolemba dzina la matenda. Dzina la matenda palokha silifotokoza moyo wa munthu, anthu awiri a matenda amodzi wina akugwira ntchito wina sangadzuke pabedi. Pemphani adokotala kapena wa mafizo kapena mphunzitsi alembe zimene munthuyo akulephera kuchita ndi thandizo limene akufunika. Mukhoza kupita ndi kope lanu lija kuti aonepo.

Tsiku la miting'i

Musapite nokha ngati zingatheke, mmodzi aziyankhula wina azilemba. Pemphani pasadakhale kuti akuuzeni amene adzakhalepo ndi zimene zidzakambidwe, komanso malipoti onse amene adzagwiritsidwe ntchito muwaone tsikulo lisanafike, si bwino kupatsidwa lipoti la masamba 12 pompo nkufunsidwa kuti mukugwirizana nalo. Ngati pakufunika womasulira chinenero kapena wa chinenero chamanja, kapena chipinda chofikika ndi njinga, nenani msanga.

Mkati muja zimene zimachitika kawirikawiri nzoti akuluakulu amayamba kuyankhula ndi inu woperekeza kumusiya mwini wake ali pompo, "kodi amamva? amadya yekha?" Mutembenukire mwini wakeyo, "achimwene, akufunsa inu, mufuna muyankhe nokha kapena ndiyambe ine?" Mukatero kawiri katatu onse aja amazindikira. Akayankhula mawu a ukatswiri osamveka, imitsani, "pepani amayi, mawu amenewo atanthauza chani pa mwana wathuyu?" Safunsa anadya phula, ndipo mmiting'i yotere palibe funso lopusa.

Mtima uzikhala pansi koma osagonja. Mphunzitsi amene ali ndi ana ochuluka mkalasi popanda womuthandiza si mdani wanu, nthawi zambiri naye akufuna zomwe mukufunazo ndipo kalata yanu ndi imene ingamuthandize kukapempha kwa mabwana ake. Ndimaona kuti kukalipa kumangopatsa anthu chifukwa chokambira za khalidwe lanu mmalo mwa za mwana. Akanena kuti "tilibe ndalama" kapena "kuno sitichita zimenezo", funsani mafunso atatu mofatsa: ndi lamulo liti kapena ndondomeko iti imene ikunena zimenezo? amene ali ndi mphamvu yopanga chiganizochi ndani? mungatilembere yankho limeneli pa pepala ndi zifukwa zake? Mudzaona kuti "ayi" wambiri wa pakamwa amafewa akafunsidwa kuti alembedwe.

Nkofunikanso kudziwa pamene mwaima. Gawo 24 la pangano la anthu aulumali lija limati ana aulumali asachotsedwe mmaphunziro a onse chifukwa cha ulumali ndipo sukulu zisinthe zina ndi zina moyenerera kuti mwanayo aphunzire. Gawo 2 limanena poyera kuti kukana kusintha koteroko, pamene sikolemetsa mopitirira muyeso, ndi tsankho. Gawo 19 ndi la ufulu wokhala pakati pa anthu ena nkusankha kumene ukufuna kukhala, gawo 28 ndi la moyo wokwanira ndi chitetezo cha boma pa umphawi. Ganizo loti ana onse aziphunzira limodzi si lachilendonso, mu 1994 maboma 92 anagwirizana zimenezi ku Salamanca ku Spain pa msonkhano umene UNESCO inakonza ndi boma la dzikolo. Maiko ochuluka kwambiri anavomereza pangano la 2006 lija, koma mphamvu yake mkhoti imasiyana dziko ndi dziko, nde chida chanu chenicheni ndi lamulo la dziko lanu ndi ndondomeko ya unduna kapena ya sukuluyo. Zipezeni, lembani nambala ya gawo limene likukukhudzani, mupite nayo.

Ndipo musasaine chinthu chimene simunachimvetse. "Ndikawerenge kaye kunyumba ndibweretsa mawa" ndi yankho lokwanira. Musanatuluke bwerezani mokweza zimene mwagwirizana, ndani achita chani pofika liti.

Akakukanani

Kalata yokana ikafika, chinthu choyamba kuyang'ana ndi deti, zifukwa muwerenga pambuyo. Pafupifupi kulikonse pali nthawi yoikika yochitira apilo ndipo ndi yaifupi kuposa mmene anthu amaganizira. Ku Britain ukafuna kuti aunikenso chiganizo cha ndalama za thandizo nthawi zambiri uli ndi mwezi umodzi kuchokera pa deti la kalatayo. Ku England kholo lofuna kutsutsa chiganizo cha khonsolo pa pulani ya maphunziro a mwana wa zosowa zapadera lili ndi miyezi iwiri. Ku South Africa wokanidwa ndi SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama za thandizo, pa thandizo la nthawi zonse monga la ulumali ali ndi masiku 90. Mwaona kusiyana kwake, nde fufuzani ya kwanu tsiku lomwelo, mulembe pa kalendala, envelopu musataye chifukwa nthawi zina chidindo cha positi ndi chimene chimasonyeza kuti kalata inachedwa kufika. Ngati umboni wina sunakwane, tumizanibe apilo mu nthawi yake nkulemba kuti umboni wina ukubwera. Ngati nthawi yadutsa kale musangokhala, malo ambiri amalandira apilo yochedwa pakakhala chifukwa chomveka ngati kugonekedwa mchipatala kapena maliro.

Nawonso maofesi ali ndi nthawi zawo zimene lamulo linawaikira, ndipo ambiri sitidziwa. Ku England pulani ya mwana ija imayenera kutha mkati mwa masabata 20 kuchokera tsiku limene mwapempha, ku America lamulo la maphunziro a ana aulumali lotchedwa IDEA limati mwana ayezedwe mkati mwa masiku 60 kholo likavomera pokhapokha ngati dera lakelo linaika nthawi yakeyake. Funsani kuti kwanu ndi masiku angati, akadutsitsa akumbutseni mwa kalata.

Kalata ya apilo isakhale yaitali ndipo isakhale yolira, olo mtima ukuwawa. Pamwamba dzina, nambala ya fayilo, deti la chiganizo. Kenako tengani chifukwa chilichonse chimene apereka nkuchiyankha pachokha: "Mwalemba kuti amatha kuyenda popanda thandizo. Izi sizoona. Amayenda kuchoka pabedi kufika pakhomo atagwira khoma, panja sangayende popanda womugwira, onani kalata ya wa mafizo imene ndaphatika." Pomaliza nenani chimene mukufuna achite. Pemphaninso kope la lipoti limene anagwiritsa ntchito pokukanani, kawirikawiri mumapezeka zolakwika zoonekeratu, zinthu zimene munthu sananene kapena zimene ananena koma sizinalembedwe. Makwerero ake amakhala ofanana malo ambiri, poyamba ofesi yomweyo iunikenso, kenako komiti kapena bwalo loima palokha, ndipo ngati vuto ndi kachitidwe ka ofesi monga kuchedwetsa, kutaya fayilo kapena kusayankha makalata, kuli ofesi ya Ombudsman yomva madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma, imene inayambira ku Sweden mu 1809 ndipo lero ili mmaiko ambiri, kudandaula kumeneko nthawi zambiri nkwaulere. Ombudsman amafuna aone kuti munayamba mwadandaula ku ofesi yolakwayo, apa mpamene kope lanu lija limagwira ntchito. Nkhani ikafika pa nkhanza, kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kuberedwa ndalama, musadikire makwerero onsewa, pitani kupolisi kapena kwa oteteza ana ndi anthu osatetezeka tsiku lomwelo.

Chenjezo lina limene sindingalisiye. Pali anthu amene amazungulira mabanja ovutika nkumati "ndili ndi munthu mkatimo, mungondipatsa kangachepe" kapena amafuna gawo la ndalama zimene mudzalandire mwezi uliwonse. Akaneni. Khadi la kubanki, nambala yachinsinsi ndi chiphaso zikhale kwa mwini wake, ndipo ngati inu wachibale mwapatsidwa udindo wolandira ndalama mmalo mwake, sungani malisiti ndipo muzilemba mmene zagwirira ntchito, zimakutetezani inuyo tsiku limene abale ena adzafunse.

Mukapambana fayilo musaitseke. Zimene zalembedwa mu pulani ya mwana muzionetsetsa ngati zikuchitikadi mkalasi, pakatha teremu pemphani kukumananso. Ndalama za thandizo zambiri zimaunikidwanso pakapita nthawi, ndipo zinthu zikasintha, munthu wasamuka, wayamba ntchito, wagonekedwa nthawi yaitali, dziwitsani ofesi mwa kalata chifukwa akadzazindikira okha amatha kuitanitsa ndalama zonse zimene anapereka mopitirira. Malo ena oopsa ndi pamene mwana akusintha sukulu kapena akukwanitsa zaka 18, thandizo la ana limatha, la akulu limafuna ma fomu atsopano ndi kuyezedwanso, ndipo mwa lamulo iye tsopano ndi wamkulu nde inu kholo mufunika chilolezo chake kuti muzimuyankhulira. Yambani kufunsa za zimenezi chaka chathunthu tsikulo lisanafike, ndipo mmiting'i imene yatsala mupatseni mpata aziyamba ndi iye kuyankhula olo ziganizo ziwiri zokha.

Inunso wosamalira mumatopa, ndipo mmaiko ena wosamalira ali ndi ufulu woyezedwa zosowa zake payekha komanso kupatsidwa masiku opuma pomwe wina akugwirizira, nde pa miting'i yotsatira funsaninso za inuyo. Fayilo ija pakhale munthu wachiwiri mbanjamo amene akudziwa pamene imakhala ndi pamene nkhani yafika, mumuonetse deti lotsatira pa kalendala ndi nambala ya ofesi, kuti inu mukadwala sabata imene apilo ikutha iye akapereke kalatayo.